Ng'oma ya Pakamwa

Ku Moatize usiku sukuzizira konse.
Fumbi la malasha limagona pa lilime,
ndipo ine Zakeyu wa ku Domwe, mlonda wa mapampu,
ndinali munthu wosunga mawu.
Sinali nzeru ayi.
Chibwibwi.
Dzina langa lomwe linkandiima pakhosi
ngati njere ya masawu.

Kumaravelu anafika mu Okutobala, mbuzi zikubisala pansi pa malole,
makaniko wa kum'mwera kwa Indiya,
wakuda kuposa ine, imvi m'mbali mwa makutu,
Chipwitikizi chake mawu khumi,
asanu mwa iwo otukwana.
Ankakhala pa chigubu cha girizi
dzanja likuwomba ntchafu:
chikhatho, chala, chala, chala, chikhatho, kugadamiza,
pakamwa pakuwaza ngati matalala pa malata,
ta ka di mi, ta ka di mi, ta ki ta.

Ndinayesa akupemphera.
Ndinavula chipewa.

Anaseka mpaka kutsokomola zakuda.
Kenaka anajambula pafumbi ng'oma yogona, ya mitu iwiri,
naloza kum'mawa komwe anaisiya,
nakweza zala ziwiri: zaka ziwiri
mphunzitsi wake akumukaniza kukhudza chikopa.
Uyambe waitafuna, kuimenya n'kwa mawa.
Izi ndinazitola pang'onopang'ono
ngati mtedza womwazika mu shapa.

Usiku wina ndinafuna kumuuza kuti thanki yadzaza.
Tha... tha... tha...
Lilime linakana.
Ndinadikira kuseka kuja
komwe kwandilondola kuchokera kusukulu ku Ulongwe.
Iye anali kuwerenga ndi zala.
Zitatu, zinatero zalazo. Yatsala imodzi.
Bwerezanso.

Anthu ambiri anandiuzapo kuti bwerezanso.
Uyu yekha ndiye ankafunadi kumva.

Choncho pakati pa sitima ya ku Nacala ndi kulira kwa atambala
tinkagawana tiyi wa tsabola m'chivindikiro cha fulasiki,
iye kutsogolo, ine pambuyo.
Ta ki ta, mafuwa.
Ta ka di mi, miyendo ya bulu wokoka ngolo.
Ta ka ta ki ta, dzanja lathunthu,
imeneyi inandigwetsa sabata zitatu.
Koma taonani, lilime silinapunthwe.
Timawu timeneti sitisenza katundu:
sitipempha ngongole,
sitifunsira mbeta,
sitiyankha kapitawo.
Timangoponda pansi n'kudutsa.

Pampu yachitatu ndinaimva ndine.
Inkatsimphina penapake mkati mwa chitsulo,
ndipo m'malo molimbana ndi chiganizo
ndinamukoka malaya n'kumuyimbira:
ta ka di mi, ta ka di, mpata, mi.
Anatseka maso. Anazimitsa injini.
M'mawa anandiika m'dzanja kachitsulo kozungulira, kong'aluka,
kakadali kofunda ngati dzira.

Anachoka Revubwe atadzaza, kontirakiti itatha.
Anandisiyira sipanala ya nambala seventini
ndi nambala ya foni yosowa manambala awiri.
Potsazikana sitinapeze mawu m'chilankhulo chilichonse,
ndiye tinanena katatu, monga amatsekera kwawo,
ta di gi na tom,
ta di gi na tom,
ta di gi na tom,
dalaivala akuliza hutala.

Chibwibwi sichinathe, ndisakunamizeni.
Pogula buledi pa msika ndimaimabe pa bu,
mzere wonse ukuyang'ana kumbali.
Kungoti masiku ano dzanja limawomba ntchafu mwakachetechete,
ndipo ndimadziwa kuti mpata nawo uli ndi malo ake m'chiwerengero,
kuti mawu ochedwa akhoza kufika pa nthawi.

Mwana wanga Felizarda amadumphira chingwe pa ta ki ta,
amati ndi Chinyungwe cha kumgodi.
Sindimutsutsa.

Ng'oma yeniyeniyo sindinaimvepo.
Sindidziwa ngati imabangula kapena imadandaula,
kaya chikopa chake n'cha mbuzi.
Ndili ngati munthu wodziwa tinjira tonse
ta mudzi umene sanafikeko,
ndipo usiku, mapampu onse akamayenda bwino,
ndimayendamo ndekha, pakamwa.